Mvula ikadula kanema, bwanji wailesi imamvekabe?

Anthu akadziwa kuti ntchito yanga ndi ya mafunde a wailesi, funso limene sililephera ndi lakuti: n'chifukwa chiyani kukagwa chimvula kanema wa pa dishi amaduka, koma wailesi ya FM ikumvekabe bwinobwino m'chipinda chomwecho? Zonsezi zimabwera popanda waya, ndipo liwiro lake ndi limodzi, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. Nkhani yagona pa kutalika kwa funde.

Funde la wailesi limagwedezeka. Maulendo amene lagwedezeka pa sekondi imodzi ndiwo frequency, ndipo timawawerenga m'ma hertz pokumbukira Heinrich Hertz, amene anaonetsa ku Karlsruhe mu 1887 ndi 1888 kuti mafundewa alipodi. Frequency ikakwera, funde limafupika. Siteshoni ya FM ya pa 100 MHz (MHz imodzi ndi ma hertz miliyoni imodzi) imatumiza funde lotalika mamita 3. Foni ikakhala pa 900 MHz, funde lake ndi masentimita 33. Wi-Fi ya 2.4 GHz (GHz imodzi ndi 1,000 MHz) ndi masentimita 12 ndi theka, pamene kanema wotsika kuchokera ku setilaiti pa 12 GHz ndi masentimita 2 ndi theka basi. Mafunde aafupi otere, kuyambira mita imodzi kutsika mpaka milimita imodzi, ndi amene timawatcha microwave.

Tsopano taganizirani dontho la mvula, kanthu ka mamilimita ochepa. Funde la mamita 3 silikazindikira n'komwe, limangodutsa. Koma funde la masentimita 2 ndi theka likalowa mu chimvula, madontho amamwa ina mwa mphamvu yake, ina n'kuimwaza uku ndi uku. Vutoli limakula kwambiri tikadutsa 10 GHz. Komanso setilaitiyo ili kutali, makilomita 35,786 pamwamba pa equator, moti mafunde amafika pa dishi atafooka kwambiri. Mvula imangomalizitsa.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangotumiza zonse pa mafunde aatali. Kulibe malo. Masiteshoni onse a FM amapanikizana pakati pa 88 ndi 108 MHz, malo okwana 20 MHz, ndipo tchanelo chimodzi chokha cha Wi-Fi chimadya malo ofanana ndi amenewo. Kanema ndi intaneti zimafuna msewu waukulu, ndipo msewu wotero umapezeka kumtunda, ku ma GHz. Chinanso ndi kukula kwa eriyo. Eriyo yosavuta imakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a funde: ya FM imatalika masentimita 75, ya foni pa 900 MHz pafupifupi masentimita 8, n'chifukwa chake imabisika m'kati mwa foniyo. Ndipo funde lalifupi limatheka kulisonkhanitsa ndi dishi n'kuliloza malo amodzi ngati kuwala kwa tochi.

Mukayang'ana nsanja ya mafoni muona zinthu zozungulira zooneka ngati ng'oma. Amenewo ndi madishi olumikiza nsanja ina ndi inzake, ndipo awiriwo ayenera kuonana maso ndi maso. Kuwalozetsa ndi ntchito yofuna mtima wodekha. Munthu uli pamwamba, wadzimangirira lamba, mphepo ikuwomba, sipanala ili m'manja. Umapotokola bauti pang'ono kwambiri, n'kuima, n'kuyang'ana nambala pa mita yoyezera mphamvu ya mafunde. Timayeza ndi ma decibel (dB), ndipo nambala ikatsika ndi 3 dB ndiye kuti theka la mphamvu lapita. Ndikunena theka lenileni, chifukwa cha kupotokola kumene diso silingakuone.

Chimene chimadabwitsa ambiri, ngakhale ophunzira ntchitoyi, n'chakuti kuonana kokha sikukwanira. Mafunde safuna kanjira kowonda ngati ulusi, amafuna mpata wotupa pakati, umene timautcha Fresnel zone. Pa mtunda wa makilomita 10 ndi frequency ya 10 GHz, mpatawu pakatikati umafika pafupifupi mamita 9 mbali iliyonse kuchokera pa mzere wolunjika, ndipo gawo lalikulu la mpatawo liyenera kukhala lopanda chotchinga. Ndinavutikapo ndi kulumikizana kwina kumene kunayenda bwino zaka zingapo kenako n'kuyamba kudukaduka. Tinasintha kebulo, tinayeza zipangizo zonse, osapeza vuto. Mapeto ake tinapeza kuti mitengo ya pachitunda china pakati pa njira inali itakula. Dishi linalo linkaonekabe ndithu, koma nsonga za mitengo zinali zitalowa mu mpata uja.

Ife popanga mapulani timasiyiratu mphamvu yapadera yoti mvula idzadye, timati fade margin. Dishi la panyumba nalonso lili nayo, ndipo apa m'pamene ndimamva chisoni, chifukwa nthawi zambiri mphamvuyo imatha mvula isanayambe. Dishi lapendekeka pang'ono ndi mphepo, kebulo yapindidwa mwamphamvu pakona, kapena madzi alowa pa cholumikizira n'kuchititsa dzimbiri. Kukakhala kowala kanema amaoneka bwino, mwini nyumba osadziwa kuti watsala pamphepete. Ngati kanema wanu amaduka ngakhale kukungowaza, musafulumire kuloza chala kumwamba. Itanani wodziwa alozetsenso dishilo ndi mita, amange mabauti, adule kumapeto kwa kebulo kumene kwachita dzimbiri, aike cholumikizira chatsopano n'kuchikulunga ndi tepi yosalowa madzi.