Kung'ambika kwa mtsempha wa aorta: mafunso ndi mayankho kwa ife okhala ku Joni

Kodi aorta n'chiyani, nanga imang'ambika bwanji?

Ndi mtsempha waukulu wochokera kumtima, wodutsa m'chifuwa mpaka m'mimba. Khoma lake lili ndi zigawo zitatu. Cham'kati chikang'ambika, magazi amalowerera pakati pa khomalo n'kumalisenda. Kawirikawiri gwero lake ndi BP yosamwera mankhwala, koma matenda akumtundu monga Marfan syndrome amayambitsanso.

N'chifukwa chiyani madokotala amavutika kuzindikira vutoli?

Limasanzira matenda ena. Ululu wa pachifuwa umafanana ndi wa heart attack (kutsekeka kwa mtsempha wopereka magazi kumtima), pomwe ena amafika atakomoka, mwendo utazizira, kapena ngati agwidwa ndi sitiroko. ECG (yoyeza kagundidwe ka mtima) ndi X-ray zikhoza kuoneka bwinobwino munthu akufa. Choopsa n'chakuti mankhwala osungunula magazi, amene amapulumutsa wa heart attack, kwa uyu amangowonjezera ngozi. Katswiri wa zisudzo wa ku America, John Ritter, anamwalira nalo mu 2003 atayamba wathandizidwa ngati wa heart attack. Chimene chimatsimikiza ndi CT scan ya mitsempha, ndipo makinawo sapezeka ku kiliniki, amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath.

Kodi ku casualty ndidzaima pamzere?

Kuno satsata amene wafika koyamba. Namwino amagawa odwala ndi mitundu ya South African Triage Scale: red aonedwe pompopompo, orange pasanathe mphindi 10, yellow pasanathe ola, green pasanathe maola anayi. Ululu wa pachifuwa umagwera pa orange. Choncho chizolowezi chathu chija chongoti "m'thupimu simuli bwino" chisiyeni pakhomo. Nenani kuti ululu wayamba mwadzidzidzi, ndi woopsa chiyambire, ukung'amba, ukupita kumsana. Tchulani BP yanu ndi wachibale aliyense amene anafa mwadzidzidzi akadali wamng'ono, ndipo si mwano kupempha kuti akuyezeni BP mikono yonse iwiri, chifukwa kusiyana kwake kumapatsa dokotala poyambira.

Nanga ngati mapepala anga sali bwino?

Ndime 27(3) ya malamulo aakulu a dziko la South Africa imati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Bilu ikhoza kubwera, koma pambuyo.

Ndingadikire kuti kuche?

Ayi. Aorta ikang'ambikira pafupi ndi mtima, chiopsezo cha imfa chimakwera ndi 1 mpaka 2 peresenti ola lililonse opaleshoni isanachitike. Itanani ambulansi poimba 112 pafoni yam'manja kapena 10177, ndipo musayendetse galimoto nokha.