Chonde, musamati anthu a ku Korea anasintha mayina mwa kufuna kwawo

Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa mbiri yakale, ndipo pali mfundo imodzi yanditopetsa kuimva, kwa ana a sukulu ngakhalenso kwa anthu akuluakulu ophunzira bwinobwino. Munthu waonera kavidiyo ka mphindi zitatu pa foni, basi akubwera n'kumati anthu a ku Korea ankasangalala nawo ulamuliro wa Japan, umboni wake ati zithunzi za ana akukupiza mbendera, komanso zoti mabanja pafupifupi 80 pa 100 alionse analembetsa mayina achijapani mu 1940. Nambalayo ndi yoona, sindikutsutsa. Koma mwafunsa kuti chithunzicho anajambula ndani, nanga wokana zinkamuthera bwanji?

Zoti Japan inalamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945 sinditayirapo nthawi. Nkhani ili pa zaka za nkhondo, kuyambira 1937, pomwe bwanamkubwa wa Japan ku Korea, Minami Jiro, ankalalikira kuti Japan ndi Korea ndi thupi limodzi. Ana ankaloweza lumbiro loti ndi anthu a mfumu ya Japan n'kumalinena pa asembule, kenako kuwerama atayang'ana kum'mawa komwe kuli nyumba ya mfumuyo. Makomo anawaika m'timagulu ta nyumba pafupifupi 10, kalikonse ndi mkulu wake, ndipo chakudya chogawidwa ndi boma chinkadzera m'timagulu tomweto. Kulembetsa dzina anapereka miyezi isanu ndi umodzi, February mpaka August, miyezi yoyamba analembetsa ndi ochepa zedi, chiwerengero chinadzakwera apolisi, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'midzi atayamba kupanikiza anthu, mwana akuvutitsidwa kusukulu, bambo akuopsezedwa kuntchito. Amene anaona nthawi yoti popanda khadi la chipani sulowa mumsika akudziwa kuti kukhala nalo m'thumba sikunali kukonda chipanicho.

Ndiye ukadandaula kuti? Mu August 1940 momwemo nyuzipepala ziwiri zikuluzikulu za Chikoreya, Dong-A Ilbo ndi Chosun Ilbo, zinatsekedwa, inatsala ndi Maeil Sinbo yomwe inali kamwa la boma. Zithunzi zambiri zomwe mukutumizirana zinajambulidwa kuti zituluke m'mapepala otere. Muona amayi ataima pafupi ndi mulu wa mbale ndi masupuni a mkuwa, pansi palembedwa kuti apereka mphatso ku nkhondo, pomwe zinazo zinali ziwiya zoperekera nsembe kwa makolo ndipo ankachita kuzitola khomo ndi khomo. Mpunga nawo mlimi ankauzidwa kuchuluka koti apereke ku boma, iye n'kutsala akudya mapira, makungwa a paini, ndi zotsalira za soya wofinyidwa mafuta zochokera ku Manchuria, zomwe kwenikweni zinali fetereza. Zimenezo palibe anaziika pa positala.

Koma nkhani imene imandisowetsa mtendere mpaka lero ndi ya mu 1942. Apolisi a m'dera la Hamgyong anapeza kabuku komwe mtsikana wina wa sekondale ya ku Hamhung ankalembamo za tsiku ndi tsiku, ndipo munali kamzere kosonyeza kuti kusukulu kwakeko Chikoreya chinkalemekezedwabe. Kamzere kamodzi ka mwana. Anafufuza mpaka anagwira Jeong Tae-jin yemwe anaphunzitsapo pa sukuluyo, ndipo panthawiyo ankagwira nawo ntchito yolemba dikishonale ya Chikoreya ku bungwe la akatswiri a chilankhulocho ku Seoul. Kuchoka apo anthu 33 anawatchula pa mlanduwo, ambiri anamangidwa n'kuzunzidwa, mlandu wake ati kufuna ufulu wa dziko. Awiri, Yi Yun-jae ndi Han Jing, anafera m'ndende ya ku Hamhung nkhondo isanathe. Anthu osanyamula mfuti, ntchito yawo kusonkhanitsa mawu basi. Mapepala a dikishonaleyo anadzapezeka mu September 1945 m'nyumba yosungira katundu pa siteshoni ya sitima ya Seoul. Boma likamachita zotere chifukwa cha dikishonale, mlimi wamba akanalimba bwanji mtima kukana dzina?

Chenjerani nawo akatswiri a pa TikTok ndi YouTube awa. Amatenga positala ya boma la atsamunda n'kuisandutsa umboni wa moyo wa anthu, amatchula anyamata amene analembetsa usilikali kuyambira 1938 osatchula kuti mu 1944 kunayamba kukakamiza, osatchulanso amuna ochuluka amene anakagwira ukapolo m'migodi ya malasha ku Japan ndi pachilumba cha Sakhalin. Ena afika pomanena kuti atsikana amene anatsekeredwa m'nyumba momwe asilikali achijapani ankawagona mowakakamiza anapita okha kukasaka ndalama. Kim Hak-sun, mmodzi wa atsikanawo, anaima pagulu pa 14 August 1991 kufotokoza zomwe anamuchita, patadutsa zaka zoposa 40 nkhaniyi ikubisidwa, ndipo anamwalira mu 1997. Anzake amene anatsatira kuyankhula atsala owerengeka, onse okalamba kwambiri, ndipo pamene akutha ndi pomwe abodzawa akulimba mtima chifukwa wowatsutsa pamaso kulibe. Maumboni awo analembedwa ndi kujambulidwa, alipo, kawerengeni amenewo kaye musanatumize chithunzi china pa gulu lanu la WhatsApp.