Mafunde a wailesi ya setilaiti safika paliponse paokha

Anthu ambiri akhala akukhulupirira kuti popeza wailesi ya setilaiti imachokera kumwamba, mawu ake amafika paliponse popanda chotchinga. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amabisa luso lalikulu limene lili pa ntchitoyi.

Setilaiti yooneka ngati yaima malo amodzi imakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, choncho mafunde ake amafika pansi atafooka kwambiri, ndipo kamlongoti ka padenga la galimoto kamafunika kuyang'anizana ndi thambo popanda chophimba. Nyumba zosanjikizana, milatho ndi misewu yoboola mapiri zimatchinga mafundewo. N'chifukwa chake kampani ya XM, yomwe inayamba kuulutsa mawu ku America mu 2001 n'kuphatikizana ndi kampani inzake ya wailesi ya setilaiti yotchedwa Sirius mu 2008, inaika makina mazanamazana m'mizinda, amene amalandira pulogalamu n'kuimwazanso ali pansi pompano. Masetilaiti ake awiri ankatumizanso pulogalamu imodzimodziyo mosiyana ndi masekondi angapo, kuti galimoto ikamadutsa kunsi kwa mlatho, wailesi igwiritse ntchito mawu amene yasunga kale, nyimbo isaduke. Munthu woyendetsa galimoto pakati pa mzinda wa New York nthawi zambiri amakhala akumva mafunde ochokera ku makina apansiwo, osati kumwamba.