Dziko loyandikana nalo likasokonekera, SADC imachitapo chiyani?

Ife a ku Joni, msewu wathu wopita kumudzi umadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Kukabuka zipolowe ku Zimbabwe kapena ku Mozambique, basi imaima, katundu wotumiza kwa makolo safika. N'chifukwa chake malamulo a SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa, tiyenera kuwadziwa.

Amaona nkhanizi ndani?

Ndi nthambi ya SADC yoona za ndale ndi chitetezo, yomwe idakhazikitsidwa mu 1996. Malamulo ake adasainidwa kwathu ku Blantyre mu 2001. Imatsogozedwa ndi atsogoleri atatu otchedwa Troika: wapampando, amene wangochokapo ndi amene adzalowepo.

Kodi asilikali angalowe m'dziko la eni?

Angalowe, koma lamulo likuti kuyambe kukambirana. Kukakamiza ndi mfuti ndi njira yomaliza, ndipo pamafunika chilolezo cha khonsolo ya chitetezo ya United Nations. Mu 1998, lamuloli lisanasainidwe, asilikali a South Africa ndi Botswana adalowa ku Lesotho, ndipo masitolo ambiri mu Maseru adapsa. Asilikali a SADC amene adali ku Cabo Delgado kuyambira 2021 mpaka 2024 adapita ndi chilolezo cha boma la Mozambique kukalimbana ndi zigawenga, osati anthu ochita zionetsero.

Nanga asilikali akalanda boma?

Apa sachedwa. Bungwe la mayiko a mu Africa la African Union (AU) limaliimitsa dzikolo pa zochitika zake. Madagascar idaimitsidwa mu 2009 ndi AU komanso SADC, n'kubwereramo mu 2014. Mu 2025 asilikali atatenganso boma kumeneko, AU idaliimitsanso.

Nanga boma likamawombera anthu ake pa zionetsero?

Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Ku Eswatini mu 2021 anthu adafa, SADC idatumiza nthumwi. Ku Mozambique chitatha chisankho cha October 2024 anthu ambiri adaphedwa, ena masauzande adathawira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, koma dzikolo silidaimitsidwe. Gwero lake n'lakuti oweruza nkhanizi ndi atsogoleri anzawo a woimbidwa mlanduyo, ndipo amagwirizana kaye onse asanachite kanthu. Ngakhale khoti la SADC, komwe munthu wamba ankatha kusumira boma, lidaimitsidwa mu 2010 litaweruza motsutsana ndi Zimbabwe pa nkhani ya minda. Mayi amene mwana wake wawomberedwa pamsewu alibe khomo logogoda ku SADC.

Kodi chipata cha m'malire chingatsekedwe?

Inde, ndipo dziko silipempha chilolezo kwa SADC. South Africa idatseka chipata cha Lebombo, cha m'malire ndi Mozambique, kwa kanthawi mu November 2024 zitavuta tsidya la Ressano Garcia.

Ndiye ulendo wakumudzi tizitani?

Funsani eni basi za njira ya ku Tete musanagule tikiti. Ikavuta, ilipo ina yodzera ku Chirundu, Lusaka, Chipata n'kutulukira pa Mchinji, ngakhale ndi yozungulira. Pasipoti ikhale ndi masiku, pakuti zikatero njira zachidule ndi zomwe zimayamba kuopsa. Zikakuvutani, ofesi ya kazembe wathu ili ku Pretoria, ndipo nthambi yake ili konkuno ku Johannesburg.