Zilembo ziwiri zokha, koma a ku Bulgaria anadikira zaka 6

Kale maadiresi a pa intaneti ankangodziwa zilembo za Chingerezi basi, a mpaka z, manambala 0 mpaka 9 ndi kamzere kaja (-). Kaya ndiwe Mwarabu kaya Mtchaina, ukafuna adiresi ya webusaiti umalemba ndi zimenezo, zako izo. Ngakhale ŵ wathu wa kachipewa uja wa mu Malaŵi sanali m'gululi. Akatswiri anadzapeza njira mu 2003 yoti iwe uziona zilembo za kwanu pa sikirini koma kompyuta kumbuyoko izisandutsa kukhala chinthu choyamba ndi xn--, ndipo mpaka lero zimayenda choncho.

Ndiye mu Okutobala 2009 bungwe la ICANN, lomwe limayang'anira maina a pa intaneti, linakumana ku Seoul n'kuvomera kuti mayiko azitha kupempha dzina la dziko lawo, lija la kumapeto kwa adiresi monga .mw, m'zilembo zawo. Mu Meyi 2010 Egypt, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates anapata awo a Chiarabu, Russia nayo inatenga .рф mwezi womwewo. Lamulo linali lakuti dzinalo likhale loti boma ndi anthu a m'dzikomo agwirizana nalo.

Bulgaria inapempha .бг, zomwe ndi b ndi g m'zilembo za Cyrillic zomwe amalembera Chibulgaria ndi Chirasha, zofanana ndi .bg yomwe anali nayo kale. Koma mu 2010 momwemo yankho linabwera lokana, eti kagulu ka akatswiri kaona kuti .бг ikufanana kwambiri ndi .br ya ku Brazil moti anthu azisokonezeka.

Tayang'anani nokha. Chilembo б chimaoneka ngati 6 wopinda mutu, г ndi kandodo kokhala ndi kadenga pamwamba. Munthu woti sanaphunzire zilembozi akaona mothamanga pa foni akhoza kunenadi kuti ndi br, sindikana. Koma wa ku Sofia, likulu la Bulgaria, amene wakhala akuzilemba kuyambira sukulu ya mkaka angasokoneze bwanji? Apa ndi pamene zinawawa, chifukwa zilembo za Cyrillic zinayambira ku Bulgaria komweko cha kumapeto kwa zaka za m'ma 800, ndipo chaka chilichonse pa 24 Meyi amakhala ndi holide yokumbukira zilembo zawozo. Ndiye munthu wakutali adzakuuze kuti chilembo chako chikuoneka ngati cha wina, mmm, ngakhale ine sindikanamvetsa.

Komabe akatswiriwo sanali openga ayi. Mu 2005 ena anaonetsa poyera kuti ukhoza kulembetsa adiresi yooneka ndendende ngati paypal.com pongosintha a mmodzi kuikapo wa Cyrillic, maso sangasiyanitse, munthu n'kulowetsa pasiwedi yake pa webusaiti ya akuba ali phee. Mantha analipo enieni. Chomwe chinkavuta n'choti kaguluko kankangogamula, osafotokoza bwinobwino kuti kayeza bwanji, komanso panalibe koti ukadandaule. A ku Greece anakumana nazonso, .ελ yawo inakanidwa pa chifukwa chonga chomwecho.

A ku Bulgaria akanatha kungosankha dzina lina n'kuthana nazo, koma anthu atafunsidwa ambiri anakakamira .бг yomweyo, boma nalo silinasinthe, anangopitiriza kuyankhula m'misonkhano ya ICANN chaka ndi chaka. Mu 2013 malamulo anasinthidwa, panakhazikitsidwa kagulu kachiwiri koti kaziunikanso nkhani ngati zimenezi, ndipo aka sikankangoyang'ana ndi maso ake okha koma kankayesa pa anthu enieni, kuwaonetsa zilembozo n'kuona ngati akusokonezekadi. Mu 2014 .бг ndi .ελ zonse zinadutsa. Ya ku Greece inalowa mu 2015, ya ku Bulgaria mu 2016.

Chaka chomwecho cha 2013 kunayambanso dongosolo lina lomwe kwa ine ndi limene linali lofunika kuyambira pachiyambi pomwe, loti eni zilembo azikhala pansi okha, aphunzitsi a zilankhulo, anthu a makompyuta, oyendetsa maina a m'mayikomo, ambiri mongodzipereka, n'kulemba kuti zilembo zololedwa ndi izi, zofanana moti zingapusitse munthu ndi izi. Akamaliza amapereka ku kagulu kena kamene kamaphatikiza zonse. A Chiarabu anali m'gulu la oyamba kumaliza, ndipo ntchito yawo sinali yamasewera chifukwa zilembozo amalembera Chiarabu, Chiperisiya, Chiurdu ndi zina zambiri, chilembo chimodzi kumakhala ndi mitundu iwiri yooneka chimodzimodzi koma kompyuta imaiwerenga mosiyana. A ku Ethiopia nawo anapanga kagulu kawo ka zilembo zolembera Chiamhariki ndi Chitigirinya, a ku India ndi oyandikana nawo chimodzimodzi.

Koma si onse anapuma mu 2014. European Union inkafuna .eu m'zilembo za Chigiriki, .ευ, kagulu kachiwiri kaja kanati zikakhala zing'onozing'ono palibe vuto koma zikuluzikulu zikufanana ndi za Chingerezi. Anakambirana zoteteza anthu kuti asapusitsidwe mpaka inadzalowa mu 2019.