Mapemphero a boma ndi kalata ya pa 8 Marichi 1992

Chaka chilichonse 6 Julayi ikamayandikira, mkangano womwewo umabukanso pa wailesi ndi pa Facebook. Boma likonza mapemphero a dziko, liitana maepiskopi, abusa ndi mashehe, mtsogoleri wa dziko akhala kutsogolo, ndipo kukacha anthu agawikana. Ena amati mlaliki wanyanya, walowetsa ndale pa guwa. Ena amati wanyengerera, ndiye kuti wadya za boma. Palinso kagulu kofunsa ngati n'koyenera n'komwe kuti boma la anthu a zipembedzo zosiyanasiyana, ena osapembedza konse, lizitsegula miyambo yake ndi pemphero. Funso lomalizali silipita patali kuno, poti ngakhale nyimbo ya fuko, yomwe anapeka Michael Sauka, ndi pemphero kuyambira mzere woyamba. Madandaulo awiri oyambawo ndiwo ali ndi mbiri yaitali.

Nthawi ya Kamuzu mapemphero sankasowa. Mwini wake ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo atsogoleri a mipingo ankakhala pa nsanja pa zikondwerero za boma, kupempherera Ngwazi moyo wautali. Zogwera munthu wokana zinaonekera pa Mboni za Yehova. Iwo anakana kugula makadi a chipani cha Malawi Congress Party, boma linawaletsa mu 1967, ndipo mu 1972 Apayoniya a Kamuzu (Malawi Young Pioneers) ndi anyamata a chipani anawamenya, kuwatenthera nyumba, mpaka zikwizikwi zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Zambiri za nkhanzazi zinalembedwa ndi Mboni zomwe komanso mabungwe akunja, ndipo chiwerengero chimodzi cha omwe anafa chomwe onse amagwirizana palibe. Chosakanika n'chakuti mipingo ikuluikulu sinatsegule pakamwa poyera. Papa John Paul II atabwera mu Meyi 1989, zonse zinaoneka zamtendere. Olemba mbiri ena amati ulendowo unawalimbitsa mtima maepiskopi, koma zipatso zake zinatenga zaka zitatu.

Pa 8 Marichi 1992 linali Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti. M'matchalitchi onse a Katolika, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ansembe anawerenga kalata yomwe maepiskopi anasainira, pakati pawo Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre, Felix Mkhori, Mathias Chimole, Allan Chamgwera, Alessandro Assolari ndi Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu. Inasindikizidwa mwakachetechete ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, n'kufika m'maparishi apolisi osadziwa kanthu. M'dziko lomwe munthu ankaopa ngakhale mnzake wa pa benchi imodzi, chinsinsi chimenechi chokha chinali chodabwitsa.

Woiwerenga lero angadabwe kuti ukali wake unali pati. Sinatchule dzina la Kamuzu, sinapemphe zipani zambiri. Inakamba za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, mitengo yotsika yomwe alimi ankagulitsira mbewu, kuthithikana kwa ana m'makalasi, kusowa kwa mankhwala ndi madotolo, ziphuphu ndi kukondera. Kenako inafika pa zomwe aliyense ankazidziwa koma osazitchula: anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, nyuzipepala ndi wailesi zoyankhula mbali imodzi, mantha oletsa munthu kunena maganizo ake. Inanenanso kuti palibe munthu mmodzi angati nzeru zonse zili ndi iye, n'kuikapo mwambi woti mutu umodzi susenza denga. Kwa anthu omwe kwa zaka pafupifupi makumi atatu ankamva kuti zonse ndi za Kamuzu, mwambiwo sunafune womasulira. Omwe analipo amasimba za m'manja ndi nthungululu m'kati mwa Misa.

Patangopita masiku awiri, pa 10 Marichi, apolisi anaitanitsa maepiskopi ku Blantyre n'kuwapanikiza ndi mafunso kwa maola ambiri. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira boma, ndipo wopezeka nayo ali pa mlandu. Chilengezocho chinangoitchukitsa: omwe sanapite ku tchalitchi Lamulungu lija anayamba kuifunafuna, ndipo makope ake ankayenda m'matumba ndi m'maofesi. Akuluakulu a chipani anachita msonkhano wadzidzidzi ku Lilongwe, komwe ena anayankhula poyera zoti maepiskopiwo aphedwe. Apa umboni ndi wolimba, chifukwa mawu a pa msonkhanowo anajambulidwa pa tepi, tepiyo inatuluka kunja kwa dziko, ndipo dziko lonse lapansi linamva. Nyuzipepala ya Malawi News inalemba ndemanga yoti maepiskopiwo asachitiridwe chifundo. Malo osindikizira aja ku Balaka anatenthedwa.

Za amene analemba kalatayo, nkhani zimasiyana. Boma linaloza chala Roche, mmishonale wa ku Ireland, ndipo linamuthamangitsa m'dziko pa Lachisanu Loyera, pa 17 Epulo. Kunena kuti zonse wachita ndi mzungu kunali kokomera boma, chifukwa kunkatanthauza kuti Amalawi eni ake alibe dandaulo. Olemba a mbali ya mpingo amati panali komiti yokonza mawu ndipo maepiskopi onse anakambirana asanasaine. Ine ndimapendekera kumeneku, pa chifukwa chimodzi: Roche anachoka, koma Chiona ndi anzake anatsala m'manja mwa apolisi omwewo, ndipo kalatayo sanaikane.

Zotsatira zake zinathamanga. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anaguba kuikira kumbuyo maepiskopi, koleji n'kutsekedwa. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe n'kumangidwa pa bwalo pomwepo. Mu Meyi ogwira ntchito ku David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, zipolowe zinafalikira, ndipo apolisi anawombera anthu. Malipoti ambiri amati omwe anafa anali pafupifupi 40. Mwezi womwewo mayiko othandiza, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo losakhudza za chifundo. Pali otsutsa omwe amati ndalama za azunguzo ndi kutha kwa nkhondo ya mawu pakati pa America ndi Soviet Union ndizo zinagwetsa Kamuzu, kalata ija inangopezerapo mwayi. Mfundoyi ili ndi mutu, koma siifotokoza chifukwa chomwe anthu wamba anasiyira kuopa mu Marichi, thandizo lisanaimitsidwe.

Mpingo wa CCAP unalowa m'bwalo mu Juni, pomwe atsogoleri ake pamodzi ndi nthumwi za bungwe la mipingo la padziko lonse la World Alliance of Reformed Churches anapereka kalata yawo kwa Kamuzu. Sinodi ya Nkhoma, ya kuchigawo chapakati kwawo kwa Kamuzu, inatsalira, ndipo bala limenelo linatenga nthawi kupola. Chaka chisanathe panabadwa Public Affairs Committee, momwe Akatolika, a CCAP, a Anglican ndi Asilamu anakhala pamodzi ndi maloya ndi amalonda kukambirana ndi nduna za boma. Pa 14 Juni 1993 nyali ya zipani zambiri inagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi pa referendamu, chiletso cha Mboni chinachotsedwa chaka chomwecho, ndipo mu Meyi 1994 dziko lomwe ambiri ndi Akhristu linasankha Msilamu, Bakili Muluzi.

Malamulo aakulu atsopano anapereka ufulu wa chipembedzo mu gawo 33 ndipo sanasankhe chipembedzo cha boma. Anansi athu ku Zambia anatenga njira ina: Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti dziko lawo ndi la Chikhristu, mawuwo n'kulowa m'malamulo awo mu 1996. Kuno mwambo unakhala woti wansembe atsegule, shehe atseke, kapena mosemphanitsa. Muluzi anaona yekha kuti mipingo siili m'thumba mwa munthu mu 2002, pomwe inatsutsa zoti apitirize kulamula kupyola materemu awiri, bilu yake n'kugwa m'Nyumba ya Malamulo ndi mavoti atatu okha.

Koma mzimu wa 1992 unaonekera bwino pa mapemphero a dziko mu Ogasiti 2011, ku Comesa Hall ku Blantyre. Panali patangopita milungu yochepa apolisi atapha anthu pa zionetsero za pa 20 Julayi. Episkopi Joseph Zuza wa ku Mzuzu, akulalika Bingu wa Mutharika atakhala pomwepo, ananena kuti munthu wodziyesa kuti ali ndi mayankho onse ndi chindere chakufikapo, kutanthauza chitsiru chenicheni m'Chitumbuka. Dzina sanatchule, monga momwe anzake a 1992 sanatchulire, koma holo yonse inadziwa kolowera mawuwo, ndipo Bingu sanabise mkwiyo wake masiku otsatira. A boma anati Zuza wanyoza mtsogoleri pa malo opatulika. Zovuta kumvetsa n'zakuti ankayembekezera chiyani kwa episkopi wolalika maliro asanazizire.

Mu Juni 2020 zinthu zinatembenuka: Lazarus Chakwera, yemwe anatsogolera mpingo wa Malawi Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, analowa ku State House pa tikiti ya chipani chomwe chija chinaopseza maepiskopi. Ena ankaganiza kuti m'busa akakhala pa mpando, makalata a Lenti afewa. Mu Febuluwale 2024 maepiskopi analemba kuti Amalawi omwe analonjezedwa Kenani apezeka ali ku Bagamoyo, doko la ku Tanzania komwe akapolo ankatayira chiyembekezo. Ena mwa omwe anadandaula kuti mpingo walowerera ndale ulendo umenewo ndi omwe anaombera m'manja Zuza mu 2011.