Kwa ophunzira unamwino mu Blantyre: diazepam si mankhwala a mayeso

Mayeso ayandikira ndipo mphekesera ija yabwereranso m'mahositelo. Akuti umwe ma energy drink uwerenge mpaka tambala woyamba, kenaka umeze kadiazepam kamodzi (piritsi lochepetsa nkhawa lomwe limagonetsanso) tulo tibwere. Anzathu, chonde lekani zimenezi.

Zobweretsa kusowa tulo mukuzidziwa kale, munalemba nokha m'makope: nkhawa ya fizi, ma night duty ku Gulupu (Queen Elizabeth Central Hospital), khofi wamadzulo yemwe mphamvu yake imakhala m'magazi maola ambiri, komanso kuwala kwa foni komwe kumachedwetsa melatonin, homoni ya m'thupi yobweretsa tulo. Bando yausiku mumati mwagulira manotsi, koma 2 koloko ikukupezani pa TikTok, bulangeti kumutu, maso gwa. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Akakhala maso maola 17 osaphethira, ubongo wake umachedwa ngati wa munthu amene walawako mowa. Ndiye m'mawa mwake munthu yemweyo agwire jakisoni, awerengetse madontho a diripi ya mwana?

Koma chomwe chikutidetsa nkhawa ndi piritsi lija. Diazepam sapereka tulo tokonza ubongo, amangokugonetsani. Mphamvu yake imafika mpaka tsiku lotsatira, mutu umalemera, ndipo kuloweza zatsopano kumavuta. Thupi limazolowera msanga: lero limodzi, pakatha masabata ochepa, mapiritsi awiri sakukwananso. Kusiya mwadzidzidzi mutazolowera kungayambitse kunjenjemera ngakhale kukomoka. Kuphatikiza ndi mowa kungachititse kuti mpweya ubanike muli m'tulo, anzanu a m'chipinda n'kumati mwangotopa.

"Ndine wa zachipatala, mlingo ndikuudziwa." Mawu amenewa tatopa nawo. Kudziwa mlingo sikuletsa chizolowezi. Piritsi lopatsidwa ndi mnzanu kapena lotengedwa m'kabati ya mu wodi popanda kulemberedwa, limenelo ayi.

Khofi ndi ma energy drink zilekezeni masana. Foni ikagone patebulo, osati pansi pa pilo, ola limodzi musanagone. Mukaweruka night duty, tsekani makatani mugone kaye, WhatsApp idikire.

Ngati masabata awiri atha tulo tikuvuta, mtima uli wosweka, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kale kudalira mapiritsi, musadikire kuti mayeso athe. Musasiyenso mapiritsiwo panokha. Uzani mphunzitsi amene mumamukhulupirira, kapena pitani ku Queen Elizabeth Central Hospital komwe kuli kiliniki ya matenda a maganizo. Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, pitani tsiku lomwelo, ndipo mutengane ndi mnzanu.